Pa njinga zamoto m'mapiri ndi m'minda ya mphesa ya ku Cape

Loweruka, Bellville mpaka Robertson

Abale tafika bwino ku Robertson. Amene mwakhala mukufunsa kuti kodi ulendo wa njinga uja utheka, eya watheka, tanyamuka ku Bellville mmawa uno dzuwa lisanatuluke bwinobwino. Ambiri pa gululi ndife aMalawi okhala ku Cape Town konkuno, koma tilinso ndi achimwene a ku Chipata ndi ena a ku Tete, chilankhulo chimodzi basi. Ena amapanga delivery, ena amagwira m'magalaja, kuli asisi amodzi amene amasamala okalamba, ine ndine weta. Vinyo ndimathirira anthu tsiku ndi tsiku, maina a Stellenbosch, Franschhoek, Robertson ndimawatchula pa tebulo lililonse, koma kuti ndikaime m'munda mwenimwenimo nkuona mphesazo zili pa mtengo ndinali ndisanapangepo. Nchifukwa chake ulendo uno ndinaulimbikira kwambiri.

Wotitsogolera ndi ankolo athu a ku Mangochi, makaniko wa njinga, munthu wamkulu ndithu ndipo sakhudza mowa. Tisananyamuke anatiimika mozungulira nkunena malamulo. Pa msewu wowongoka tiyende mosinthana mbali, wina chakumanja wina chakumanzere kwa leni yomweyo kuti aliyense aziona kutsogolo, koma tikangolowa m'makhona mzere umodzi ndipo aliyense pa liwiro lake, osathamangitsa mnzako. Amene ali pa njinga zing'onozing'ono za Boxer 150 akhale kutsogolo kumbuyo kwa ankolo, zikuluzikulu kumbuyo, chifukwa ukaika njinga yaing'ono kumapeto mwini wake amangokhalira kukoka mafuta kuti asatsale, ngozi imayambira pamenepo. Ndipo lamulo lalikulu, wolawa vinyo masana alavule, kumeza ndi madzulo makiyi atasungidwa. Mabotolo ogula onse akwera pikapu imene akuyendetsa alamu athu pamodzi ndi mahema, madzi ndi zida.

Stellenbosch tinangodutsa pakati pa mitengo ya oak ija ndi nyumba zoyera. Tauniyi inayamba mu 1679, ndipo kuno nkumene mtundu wa mphesa wa Pinotage unabadwira mu 1925, pulofesa Abraham Perold atakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut. Kenako Helshoogte, msewu wa R310, makhona otakasuka bwino oti uyambirepo kuzolowera kupendekeka. Pamwamba pake ukayang'ana uku ndi uku mizere ya mphesa yakwera mpaka m'munsi mwa matanthwe, yobiriwira, yowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe, ndipo anachitadi kuyeza.

Tinaima ku Pniel. Anthu ambiri amangopadutsa akuthamangira ku Franschhoek koma ine ndinapempha kuti tiime. Mudzi uwu unayamba mu 1843 ngati mishoni ya anthu amene anali atangomasulidwa ku ukapolo, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwe ankalima minda ya mphesa yozungulira pamenepa. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa mu 1659, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mpaka ukapolo kutha m'ma 1830 amene ankagwira khasu anali akapolo ochokera ku Madagascar, ku Mozambique, ku India ndi ku zilumba za Indonesia. Achimwene a ku Tete atamva za Mozambique anakhala chete kanthawi akuyang'ana tchalitchi, kenako anati mwina ena anali akwathu ndithu.

Franschhoek ndi yokongola koma yodula, tinangomwa khofi nkujambula pa chipilala chokumbukira ma Huguenot, aFalansa amene anathawa kwawo chifukwa cha chipembedzo nkufika kuno mu 1688. Chimene tinabwerera ndi phiri lili kuseri kwa tauniyo. Franschhoek Pass ndi nkhani ina. Ukukwera, khona lakuthwa, tauni yonse ili pansi pako, kenako ukutsetsereka mbali inayo m'chigwa cha miyala mopanda nyumba ngakhale imodzi. Kale njira imeneyi inali ya njovu. Pali kamlatho kamiyala ka Jan Joubertsgat ka mu 1825, kali pa khona penipeni, mpaka lero magalimoto akudutsapo. Anyani anali ndandanda m'mbali mwa msewu, ankolo anakweza dzanja tonse tinachepetsa liwiro, nyani saopa hutala.

Kumunsi tinapeza damu la Theewaterskloof lili ndi madzi ake bwinobwino. Amene tinali ku Cape mu 2018 tikukumbuka zithunzi za damu lomweli litasanduka mchenga, tikuuzidwa kuti munthu asapitirire malita 50 pa tsiku, tikusamba mu beseni madzi omwewo nkukathira ku toileti. Kuliona ndi maso lili chodzaza kunandikhudza. Kuchoka apo Villiersdorp, Worcester, nkukhotera R60. Kwatentha koopsa. Mawa tikacheza ndi abale.

Lamulungu, Robertson

Lero njinga zapuma, tayenda pang'ono chabe. Mmodzi wa ife ali ndi asuweni ake amene amagwira ntchito m'mafamu a kuno, nde anatiitana kuti tikadye nawo. Tinapita ndi nkhuku, ufa ndi zakumwa, iwo anali ataphika kale nyemba ndi kabichi. Nsima inaphikidwa mu poto wamkulu panja, tinakhala pa makreti, ana atazungulira njinga akufuna kuyesa mahelemeti.

Ino ndi nyengo yokolola, imayamba cha mu Januwale mpaka Malichi kapena Epulo, ndiye aliyense ndi wotopa. Amayi ena a ku Mzimba anandionetsa manja awo, zala zonse zili ndi timabala ta sizasi, madzi a mphesa akalowamo akuti zimaluma usiku wonse. Anandifotokozera kuti amadzuka kukadali mdima chifukwa mphesa zimafunika kuthyoledwa zisanatenthedwe ndi dzuwa, lole imabwera kudzawatenga, ndipo nyengo ikatha ntchito imathanso, ena amasamukira ku malalanje ena amangokhala kudikira nthawi yodulira mitengo. Ndinawafunsa ngati analawako vinyo wa pa famu imene amathyolapo. Anati ayi achimwene, ife timangodziwa kreti. Sanalankhule modandaula, anangonena mmene zilili.

Ine zimenezi zimandivuta, sindinama. Ku ntchito botolo limodzi labwino limagulidwa ndalama yoti amayi awa agwire masiku angapo. Ndipo mbiri ya ntchito imeneyi si yabwino. Kwa zaka zambiri kuno kunali chimene ankachitcha dop system, antchito ankapatsidwa vinyo ngati gawo la malipiro, mmawa, masana, madzulo. Lamulo linaletsa cha m'ma 1960 koma m'mafamu ena zinapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo zotsatira zake zikuonekabe, madera a minda ya mphesa ku Western Cape ali m'gulu la malo amene ana ambiri amabadwa ndi vuto lobwera chifukwa mayi ankamwa ali oyembekezera. Chakumapeto kwa 2012 antchito a ku De Doorns, kuseri kwa mapiri awa, anachita sitalaka, anatseka msewu waukulu wa N1, ankalandira R69 pa tsiku ndipo ankafuna R150. Boma linakweza kufika R105 mu 2013. Zinatenga mpaka 2021 kuti malipiro otsikitsitsa a wantchito wa pa famu afanane ndi a antchito ena ambiri.

Sindikulemba izi kuti munthu asiye kukonda vinyo kapena kuona malo, ineyo ndimadyera momwemo ndipo malowa ndi okongola zedi. Koma ndikufuna kuti tikamajambula zithunzi m'mindamu tizidziwa kuti ndani amaiweramira.

Madzulo tinanyamula ana aja mmodzimmodzi kuzungulira bwalo pang'onopang'ono, aliyense atavala helemeti, ankolo ataima pakati ngati wapolisi. Mnyamata wina wa zaka mwina 17 anakakamira pa njinga ya asisi akufunsa za laisensi. Anamuuza kuti ayambe ndi A1 ya njinga zosapitirira 125cc, akakwanitsa zaka 18 apange Code A ya njinga zikuluzikulu. Analemba pa foni.

Lolemba, Robertson mpaka Barrydale

Tadzuka 5 koloko kuti tikaone kukolola. Kapitawo wa famu ina anatilola kuima kumapeto kwa mizere. Anthu ake liwiro lake abale, dzanja limodzi lagwira phava lina likudula, kreti ikadzaza paphewa, kuthamanga kukakhuthula mu ngolo ya thirakitala, kubwerera. Ndinalawa mphesa ya Chenin Blanc yochokera pa mtengo pomwepo, ndi yaing'ono, ya nthanga zambiri, yotsekemera kuposa zija timagula mu shopu. Mtundu umenewu ndi umene unadzalidwa kwambiri mu South Africa muno, akuluakulu amautcha Steen.

Kenako anatilowetsa mmene amapangira vinyo. Fungo lake limakulandira pakhomo. Mtsikana amene amatifotokozera anatisonyeza mphesa zikuchotsedwa timitengo, kufinyidwa, madzi ake kupita m'mathanki akuluakulu achitsulo ozizira. Yisiti amadya shuga nkumusandutsa mowa, basi nkhani yonse ndi imeneyo, zina zonsezo ndi luso la nthawi ndi kutentha. Chimene ambiri pa gulu sankadziwa nchoti madzi a mphesa yakuda nawonso ndi oyera, kufiira kumachokera ku makoko akasiyidwa limodzi ndi madziwo masiku angapo. Ukawachotsa msanga umapeza rosé, vinyo wofiira pang'ono. Vinyo wina amakagona m'migolo ya oak miyezi yambiri. Dera la Robertson mvula ndi yochepa, amadalira kuthirira kuchokera mu mtsinje wa Breede, ndipo nthaka yake ili ndi laimu, nchifukwa chake vinyo woyera wa Chardonnay wa kuno amatchuka. Tinalawa nkulavula monga mwa pangano, ankolo ali pakhomo ndi botolo la madzi a mphesa osawira akutiyang'ana.

Ku Ashton tinaoloka mlatho watsopano wooneka ngati uta, nkulowa Cogmanskloof. Apa mapiri amakupanikiza mbali zonse, miyala yofiira yopindikapindika, kenako msewu umalowa pa bowo lobooledwa m'thanthwe, lalifupi kwambiri, pamwamba pake pali kalinga ka asilikali a Chingerezi ka mu 1899. Amene anamanga njira imeneyi ndi Thomas Bain m'ma 1870. Dzina limeneli mulizolowere chifukwa kulikonse kumene tikupita sabata ino munthuyu anafikako kale, iye ndi bambo ake Andrew Geddes Bain ndi amene anatsegula misewu yambiri ya m'mapiri a ku Cape.

Montagu tagula zipatso zoumitsa, mapichesi ndi ma apricot, ndi botolo la vinyo wa muscadel lokamwa madzulo. Apa ndi pamene R62 imayamba kukoma, msewu wautali wopanda malole ambiri, kumanja phiri la Langeberg kumanzere dziko louma. Titafika ku Barrydale tinatsitsa katundu, amene anatopa anatsala, enafe tinapita kukatsika Tradouw Pass nkubwerera. Wa Thomas Bain yemweyo, unatsegulidwa mu 1873. Kwa ine pa misewu ya tala yonse imene tadutsa uwu ndi nambala wani. Makhona ake amalumikizana bwino, ukatuluka lina lakulandira kale, tala wosalala, kumunsi mtsinje wa madzi akuda ngati tiyi. Ndipo chodabwitsa nchoti mbali ya Barrydale ndi youma koma ukangotulukira mbali ya Suurbraak zonse zabiriwira, phiri limodzi lomwelo limatsekereza mvula yochokera kunyanja.

Muscadel uja ndi wotsekemera kwambiri, kapu yaing'ono yakwana. Tagona msanga.

Lachiwiri, Barrydale mpaka Oudtshoorn

Kutentha. Pofika 10 koloko mphepo yolowa mu helemeti inali yamoto, ndipo jekete sungavule. Alamu athu anatiphunzitsa kunyowetsa sikipa yamkati nkuvala jekete pamwamba, mphepo ikamalowa m'manja mwa jekete umazizidwa bwino kwa mphindi 30 kapena kuposa. Ma Boxer tinkawapumitsa pafupipafupi, injini zake zimazizira ndi mphepo chabe ndipo anyamata ake amakhala atakoka mafuta onse nthawi yaitali. Koma ndinene pano, njinga zimenezi zikuyenda ulendo wonsewu popanda vuto, amene mumati ulendo wautali ndi wa njinga zikuluzikulu za BMW GS zokha bwerani mudzaone.

Ladismith ili pansi pa phiri la Towerkop, nsonga yake inang'ambika pakati. Tathira petulo, tagula tchizi. Patsogolo pang'ono pali midzi iwiri ya mishoni, Zoar ndi Amalienstein, ndipo pamenepo pali njira ya fumbi yolowa ku Seweweekspoort. Ankolo anati tilowemo kuti aone mmene aliyense akuyendera pa miyala mawa lisanafike. Ndi makilomita pafupifupi 17, mopanda chitunda, msewu ukungotsatira kamtsinje pakati pa matanthwe aataliatali ofiira moti kuti uone kumwamba uyenera kuimika njinga nkudzutsa mutu. Muli mthunzi ndi kaphepo kozizira. Tinakhala pa madzi mapazi ali m'kati, palibe amene ankafuna kunyamuka.

Huisrivier Pass tinatsika bwino, makhona akuluakulu othamanga, mbali ina anaika makoma ndi mawaya otchinga miyala yogumuka.

Calitzdorp ndi kamtauni kakang'ono koma kotchuka ndi vinyo wotsekemera wamphamvu uja tinkamutcha port. Pano dzina limenelo ndi la ku Portugal kokha, a kuno amalemba Cape Ruby, Cape Tawny, Cape Vintage. Mphesa zake nzochokera ku Portugal komweko, Tinta Barocca ndi Touriga Nacional, zimakonda kutentha ndi kuuma kwa kuno. Amathira brandy vinyo asanamalize kuwira, yisiti amafa, shuga wina amatsala, nchifukwa chake amakoma choncho komanso amamenya msanga. Uyu ankolo anakaniza ngakhale kulawa kolavula, anati mugule muike m'pikapu. Palibe anatsutsa. Malire a lamulo a mowa m'magazi mwa woyendetsa kuno ndi 0.05 koma pa matayala awiri ngakhale pang'ono pomwe ndi pambiri.

Kuyandikira Oudtshoorn nthiwatiwa mbali zonse za msewu, zina zimathamanga motsatira waya kupikisana ndi njinga. Tauniyi inalemera ndi nthenga za mbalame zimenezi mpaka msika unagwa mu 1914, nyumba zikuluzikulu za miyala za nthawi imeneyo zilipobe. Usiku uno taotcha nyama yake, ndi yofiira, yopanda mafuta.

Lachitatu, Swartberg

Ili ndi tsiku limene ndinkaliyembekezera ndipo sindikudziwa kuti ndiyambire pati.

Tanyamuka 7 koloko katundu titasiya ku Oudtshoorn, R328 kulowera kumpoto, kudutsa Schoemanshoek ndi mphambano ya ku Cango Caves. Pamene tala wathera ankolo anatiimika. Aliyense achotseko mpweya pang'ono m'matayala, amene ali ndi ABS (chida choletsa tayala kukhwekhwereza ukamanga buleki) yotheka kuzimitsa kumbuyo azimitse, potsika giya yotsika injini izikugwira yokha, buleki yakutsogolo ndi zala ziwiri mofatsa, maso kumene ukufuna kupita osati kuphompho. Anabwereza kawiri zoti maso. Njinga imapita kumene wayang'ana.

Kukwera mbali ya kumwera kumayamba mofatsa, minda ikucheperachepera kumbuyo, kenako msewu umapanikizika nkuyamba kukwawa m'mbali mwa phiri. Amene munakwerapo msewu wa Gorodi kupita ku Livingstonia mukhoza kukhala ndi chithunzi, koma muchotsepo mitengo yonse ndi nyanja, mutsale ndi miyala, tchire lalifupi la fynbos ndi maluwa a protea. Pamwamba, pamene amati Die Top, ndi mamita 1583. Mphepo yake inafuna kutigwetsera njinga zili pa sitandi. Kumwera ukuona Klein Karoo yonse ndi minda yake, kumpoto mapiri okhaokha kenako chigwa chachikulu cha Great Karoo mpaka maso kulephera. Asisi anavula helemeti misozi ili m'maso, anati zaka zonsezi ndili mu dziko lino ndimangodziwa sitima ya ku Bellville ndi nyumba ya agogo amene ndimawasamala. Tonse tinamva chimodzimodzi.

Koma mbali ya kumpoto ndi imene inandigwira mtima. Mukadutsa mphambano yopita ku Gamkaskloof, kumene amati Die Hel, chigwa chimene anthu ankakhalamo popanda msewu wa galimoto mpaka 1962, njira imayamba kutsika mokhotakhota, khona pamwamba pa khona, ndipo ukaima pamwamba umaona msewu wonse uli pansi pako utapindidwa. Chimene chaugwira kuti usagwe ndi makoma a miyala yosanja popanda simenti, ena aatali kuposa nyumba yosanja. Ndinaimika njinga nkukagwira khoma limodzi. Mwala uliwonse unasemedwa, unanyamulidwa, unaikidwa pamalo pake ndi manja, ndipo zaka zoposa 130 zadutsa, mvula, chipale chofewa, magalimoto, khoma lili chiimire.

Msewu uwu unatsegulidwa mu Januwale 1888. Pa chikwangwani pali dzina la Thomas Bain, ndipo ndi loyenera kukhalapo, munthuyo anali katswiri, ankadziwa kumene madzi a mvula adzadutse nkuwakonzera njira, nchifukwa chake ntchito yake siikokoloka wamba. Koma amene ananyamula miyalayi anali akaidi oposa 200, ndi mapiki, mafosholo, mawilibala ndi onga. Matanthwe ena ankawasonkhera moto kenako nkuwathira madzi ozizira kuti asweke. M'nyengo yozizira phiri ili limagwa chipale. Chakumunsi kuli mabwinja a Blikstasie, kumene ankawatsekera usiku. Tinaima pamenepo. Achimwene ena a ku Nkhata Bay, amene ndi bilikileya, anayenda mozungulira akuyang'ana mmene miyala inalumikizirana, nkunena kuti amene anasanja apa sanali munthu wongokakamizidwa chabe, ankaidziwa ntchito. Maina awo sindinawaone pa chikwangwani chilichonse. Ankolo anapempha kuti aliyense apemphere mwa chipembedzo chake, tinatero.

Kumapeto msewu umalowa mu mpata wopapatiza wa matanthwe ofiira opindika ngati kuti phiri linafinyidwa, kuoloka kamtsinje, kenako mwadzidzidzi tala. Tonse tinatsika bwino, palibe anagwa, ndipo anyamata a ma Boxer ndi amene anafika akuseka chifukwa njinga yopepuka pa miyala ndi mfumu.

Prince Albert ndi tauni ya msewu umodzi waukulu, madzi ochokera m'phiri akuyenda m'ngalande m'mbali mwa nyumba, amalima maolivi ndi nkhuyu. Tadya, tapopa matayala, nkubwerera kudzera ku Klaarstroom ndi Meiringspoort pa N12. Uwu ndi wa tala, unatsegulidwa mu 1858, umaoloka mtsinje womwewo ka 25 ndipo powolokera paliponse pali dzina lake. Tinakwera masitepe kukaona mathithi, ena anasambira. Malole ndi ambiri muno, khalani kumbali kwanu. De Rust, kenako Oudtshoorn dzuwa likulowa. Fumbi lili paliponse, tcheni tatsuka nkuthira oilo usiku womwe uno.

Lachinayi, Oudtshoorn mpaka Struisbaai

Tsiku lalitali, lolimbana ndi mphepo. Robinson Pass mmawa munali nkhungu moti tinayenda ndi mahazadi, kenako Mossel Bay nyanja ili apo. N2 sindiikonda, malole, mabasi, aliyense akuthamanga, ndipo mwera unkatikankha chammbali moti njinga imayenda chopendekeka pa msewu wowongoka. Lole ikamakudutsa mphepo imaduka kenako nkukumenya kawiri. Tinaika pikapu kumbuyo kwa ma Boxer kuti iwateteze kwa othamanga. Ku Swellendam tinakhotera ku Bredasdorp, minda ya tirigu yokololedwa kale, nkhosa, mbalame zija za blue crane ziwiriziwiri.

Tafika ku Cape Agulhas madzulo, kumapeto kwenikweni kwa Africa kumwera, pamene nyanja ya Indian ndi ya Atlantic zimagawanirana malire. Nyumba ya nyale yowongolera sitima ndi ya mu 1849. Pali mapu aakulu a Africa omangidwa pansi, aliyense anathamangira kukaponda pamene pali kwawo nkuimbira video call abale. Mapewa akuwawa. Tadya fish and chips, tikugona.

Lachisanu, Struisbaai mpaka kunyumba

Tadzera ku Elim, mudzi wa mishoni ya Moravian wa mu 1824, nyumba zoyera zofolera udzu mzere umodzi, ndipo amuna a kumeneko amadziwika ndi luso lofolera. Pali chipilala chokumbukira kumasulidwa kwa akapolo. Mphesa za dera lino zimakula mu mphepo yozizira ya kunyanja, zimapsa mochedwa, vinyo wake woyera wa Sauvignon Blanc ndi wowawasa bwino, wosiyana kutalitali ndi wa ku Calitzdorp. Sabata imodzi yomweyi ndaona ndi maso chifukwa chimene mabotolo awiri amene ndimawaika pa tebulo limodzi amasiyanirana, wina wachokera kotentha ndi kouma wina kwa mphepo ndi nkhungu.

Gansbaai, Stanford, Hermanus. Anangumi kulibe nyengo ino, amabwera kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala. Tinakwera R320 kulowa m'chigwa cha Hemel-en-Aarde, kwawo kwa Pinot Noir ndi Chardonnay wodula uja. Munda woyamba wa mphesa wa masiku ano muno unayambitsidwa ndi Tim Hamilton Russell mu 1975, koma kalekale chigwa chomwechi nkumene boma linkatayako anthu odwala khate, kuyambira 1817 mpaka anawasamutsira ku Robben Island m'ma 1840. Pa famu imene tinaima wotithirira anali mnyamata wa ku Zomba. Atamva Chichewa anasiya Chingerezi pomwepo, anatifotokozera za dothi la makande ndi mphepo ya kunyanja mu chilankhulo chathu, ndipo akuti akuphunzira kuti akhale sommelier, katswiri wosankhira anthu vinyo. Tinapatsana manambala, ndikufuna andiuze kumene akuphunzirako. Ndagula botolo limodzi, ndalama inathera pomwepo.

Clarence Drive, R44 kuchokera ku Rooi-Els mpaka Gordon's Bay, ndi umene tinatsekera. Kumanja phiri kumanzere False Bay, makhona osawerengeka, khoma lalifupi lamiyala m'mbali. Uwunso anamanga ndi akaidi, a nkhondo a ku Italy m'ma 1940. Loweruka ndi Lamulungu mumadzaza njinga zothamanga ndi apanjinga zakapalasa, Lachisanu masana tinaupeza uli phee. Tisanafike ku Rooi-Els, ku Betty's Bay, tinaima pang'ono kuona mbalame za penguin za pa Stony Point.

Tinasiyana ku Somerset West, ena N2 ena R102, aliyense watumiza uthenga pa gulu kuti wafika.

Amene mwandilembera ku inbox kufunsa za ndalama, chimene chinatithandiza ndi kusonkha mwezi ndi mwezi kuyambira chaka chatha, kugona m'mahema ndi m'ma backpackers, malo ogona otsika mtengo, ndi kuphika tokha, petulo ndi malo ogona ndi zimene zimadya kwambiri. Tchuthi pemphani msanga kwa abwana. Mukhale ndi laisensi yoyenera njinga yanu, disiki yosatha, mapepala anu okhalira m'dziko muno muyende nawo chifukwa ma roadblock tinawapeza, jekete ndi magolovesi enieni osati a delivery aja opyapyala, matayala ndi tcheni zikhale zabwino. Ankolo akuti ulendo wotsatira ndi wa masiku awiri okha, Bainskloof, Ceres ndi Tulbagh, mvula ya Meyi isanayambe, ndipo tagwirizana kuti pikapu idzadzere ku Robertson kukatenga amayi a ku Mzimba aja ndi mnyamata wa laisensi uja ngati adzakhale atapuma ntchito. Ofuna kulowa nawo mundiuze pofika kumapeto kwa mwezi uno kuti tidziwe mahema angati.